Agogo Asanadinde Chala Papepala la Ngongole

Ku Kawale, Biwi, Area 23 ndi Area 25 kuli agogo ambiri amene chuma chawo chonse ndi poloti yomwe anapeza kalekale, nyumba yogonamo ndi mdadada wa lendi kuseri. Ndalama ya lendiyo ndiyo imagula ufa, makala, mankhwala a shuga ndi BP, ndiponso kulipira fizi ya zidzukulu. Tsiku lina mwana amabwera ndi fomu: “Amayi, ingodindani apa, akungofuna mboni.” Pakatha chaka, geni ija yagwa, mwana sakuyankha foni, eni ndalama ali pakhomo.

Amayi anzanga, mboni ndi woimira ngongole ndi anthu awiri osiyana. Mboni imangovomereza kuti yaona munthu akusaina. Woimira amalonjeza kuti wokongolayo akalephera, abweza ndi iye. Ngati waperekanso mapepala a nyumba, nyumbayo yasanduka chikole ndipo ikhoza kugulitsidwa ngakhale agogowo sanadyepo tambala.

Chimene malamulo amanena

Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Older Persons Act, loteteza anthu a zaka 60 kupita m’tsogolo. Lamuloli limaletsa nkhanza kwa achikulire, ndipo kuwadyera masuku pamutu pa ndalama ndi katundu wawo ndi nkhanzanso, ngakhale wochitayo akhale mwana wobereka okha. Komabe ukalamba suchotsa ufulu. Agogo amene mutu wawo ukuyenda bwino ali ndi mphamvu yokongola, kugulitsa kapena kukana, ndipo akasaina akudziwa chimene akuchita, pepalalo limawamanga ngati munthu wina aliyense.

Khoti likhoza kuthetsa mgwirizano ngati munthu ananamizidwa, anaopsezedwa, anakakamizidwa ndi wina amene amamudalira, kapena sankazindikira chimene ankasaina ndipo mbali inayo inkadziwa. Apa umboni wa kuchipatala umathandiza kwambiri. Ife anamwino timaona achikulire amene ng’ala yawaphimba maso, ena makutu anagontha, ena sitiroko kapena matenda oiwalaiwala anawasokoneza. Munthu wotere amagwedeza mutu kuvomera chifukwa cha ulemu chabe. Ngati agogo ayamba kubwereza funso lomwelomwelo, kusochera panjira yodziwika kapena kulephera kuwerengera chenji, pitani nawo kuchipatala ndipo zilembedwe m’buku lawo. Si ufiti ayi, ndi matenda, ndipo bukulo tsiku lina lidzawalankhulira.

Mabanki, makampani a inshuwaransi, ma SACCO ndi mabungwe obwereketsa ndalama amayang’aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi potsatira lamulo la Financial Services Act la 2010. Ayenera kukhala ndi chiphaso komanso kufotokoza momveka chiwongoladzanja ndi zolipira zina zonse. Ngati nyumba ili ndi taitolo ndipo yaikidwa chikole, lamulo la Registered Land Act limati obwereketsa apereke kaye chidziwitso cholemba, ndipo padutse miyezi itatu asanagulitse. Kalata yotere ikafika musaibise pansi pa matiresi. Miyezi itatuyo ndi yokambirana ndi kufuna thandizo.

Nanga akatapila? Lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole imene chiwongoladzanja chake chapyola muyeso, n’kuchitsitsa. Wakatapila alibe mphamvu yotulutsa munthu m’nyumba payekha popanda chigamulo cha khoti. Koma chenjerani, makamaka kumadera ngati Chinsapo ndi Mgona kumene malo ambiri alibe taitolo: ena salemba kuti “ngongole”, amalemba kuti agogo “agulitsa” malo. Pepala lotere n’lovuta kulitsutsa.

Mafunso ofunsa chala chisanadindidwe

Choyamba, funsani ndalama yonse yobweza, osati ya pamwezi yokha. Mwachitsanzo, K1,000,000 pa chiwongoladzanja cha K50,000 mwezi uliwonse kwa miyezi 24 imabwezedwa K2,200,000. Chachiwiri, dzina la agogo lalembedwa ngati ndani: wokongola, woimira kapena mboni? Chachitatu, chichitike n’chiyani akaphonya mwezi umodzi, akadwala kapena akamwalira ngongole isanathe? Ngati ndi inshuwaransi ya maliro, funsani kuti imayamba kugwira ntchito pakatha miyezi ingati, imalandira anthu a zaka zingati, ndipo ndalama zimene aponya kale zimapita kuti akasiya kulipira.

Pemphani kuti mutenge pepalalo kunyumba. Awawerengere m’Chichewa munthu amene sapindulapo kanthu, ndipo mwana wofuna ngongoleyo asakhalepo, kuti agogo amasuke kunena kuti ayi. Wobwereketsa wachilungamo sakana kudikira masiku awiri. Agogo asadinde pepala lokhala ndi mipata yosalembedwa, asunge kope yawo, ndipo asasiye chiphaso cha unzika, khadi la kubanki kapena nambala yachinsinsi m’manja mwa wina.

Zikavuta kale

Yambani kudandaula molemba kubungwe lomwelo, n’kusunga kope. Akapanda kukuthandizani, pitani ku Reserve Bank ku City Centre. Madandaulo a malonda opondereza amalandiridwanso ku Competition and Fair Trading Commission. Amene sangakwanitse loya apite ku Legal Aid Bureau, ndipo a CCJP kuparishi akhoza kukulozerani njira. Pakakhala kuopseza kapena kuba siginecha, nkhaniyo ndi ya polisi, ku Victim Support Unit. Amayi amasiye adziwenso kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa womwalira ndi mlandu.

Milandu ya kukhoti imatenga nthawi, ndipo agogo amakhala akuvutika podikira. N’chifukwa chake kumphakati kulikonse kukhale amayi awiri kapena atatu odziwa kuwerenga amene achikulire angawaitane kukabwera fomu. Poyendera odwala ndi okalamba timafunsa za chakudya ndi mankhwala. Tizifunsanso mwaulemu kuti, “Agogo, mapepala a nyumba ino akusunga ndani?”