Galimoto Yakale: Tigule Kapena Tisagule?



Chaka chilichonse, fodya ndi thonje zikagulitsidwa, ndalama zimalowa m'midzi yathu. Asodzi a ku Nyanja ya Amaramba nawonso amakhala atasunga kangachepe ka nsomba zouma. Iyi ndiyo nyengo imene ogulitsa magalimoto akale amachuluka ku Mandimba, ku Massangulo ndi ku Cuamba. Galimoto amaitsuka, amaipaka penti, kenaka amati, "Gulani bambo, iyi njolimba."

Nkhaniyi inafika m'kalasi mwathu. Ophunzira asanu ndi awiri anasonkha ndalama za zaka ziwiri kuti agule galimoto yonyamula nsomba ndi chimanga kupita kumsika. Awiri mwa iwo anapita ku Cuamba kukafunafuna. Anabwerako atakopeka ndi kagalimoto kofiira, kafupi, ka mipando iwiri, kaja kothamanga ngati mphepo. Wogulitsa anawauza kuti galimoto zakale za mtundu umenewo azungu amazilimbirana. Tinaika choko pansi, ndipo tsikulo phunziro lathu linakhala limeneli.

Wogulitsayo sananame pa zonse. Kumaiko olemera kulidi anthu amene amagula galimoto zakale zothamanga pa mtengo woopsa. Mu 2022, ku Germany, galimoto ya Mercedes-Benz yopangidwa mu 1955 inagulidwa ndi ma euro 135 miliyoni. Za mtundu umenewo zinapangidwa ziwiri zokha. Koma galimoto yotere siinyamula thumba la chimanga. Imakhala m'nyumba, anthu n'kumangoiona. Ndiponso galimoto zakale zambiri sizikwera mtengo ayi, zimangokalamba. Ife sitigula galimoto yoonetsa. Tigula galimoto yoti igwire ntchito ndi kubweza ndalama zathu. Choncho tisanapereke ndalama tiyenera kuyankha mafunso asanu.

1. Kodi idzayenda mseu uti?

Mseu waukulu wa N13, wochokera ku Cuamba kudzera ku Mandimba mpaka ku Lichinga, uli ndi phula. Pamenepo galimoto iliyonse ingathe kuyenda. Koma nsomba sizichokera pa phula. Zimachokera kumadooko a Amaramba, ndipo misewu yopita kumeneko ndi yadothi. M'chilimwe muli mchenga ndi maenje. M'dzinja muli matope, ndipo madambo amadzaza madzi.

Galimoto yothamanga imapangidwa yafupi, mimba yake pafupi ndi nthaka. Ikagunda mwala kapena chitsa, pansi pa injini pamabooka ndipo oyilo amatayika. Galimoto ya kumudzi iyenera kukhala yaitali miyendo, ya masipuling'i olimba, yokhala ndi malo a katundu kumbuyo. Tiyambe tayeza mseu wathu, kenaka tisankhe galimoto.

2. Kodi zitsulo zake zimapezeka kuti?

Galimoto yakale imaonongeka, zimenezo n'zosakayikitsa. Funso ndi lakuti, ikaonongeka tidzagula kuti chitsulo china? Tisanagule, tipite kwa amakaniko awiri kapena atatu ku Mandimba kapena ku Cuamba, tiwatchulire dzina la galimotoyo ndi chaka chake. Tifunse kuti, "Kodi mumaidziwa? Mabuleki ake, kilachi yake ndi pampu yake ya madzi mungazipeze pano?"

Galimoto za mtundu wofala, monga Toyota Hilux, amakaniko ambiri anazizolowera. Galimoto imene ili yokha m'boma lonse, chitsulo chake chimafunika kuitanitsa ku Nampula, ku Maputo kapena kunja kwa dziko. Pamene tikudikira, galimoto imakhala pansi pa mtengo wa mango, nkhuku n'kumaikiramo mazira.

3. Kodi thupi lake lili bwanji?

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Penti yatsopano imabisa zambiri. Tikapita kukaona galimoto titenge makaniko wathu, osati wa wogulitsa. Tipite m'mawa, injini isanalizidwe, chifukwa injini yodwala imavuta kudzuka ikakhala yozizira. Tikapeza injini ili yotentha kale, tifunse chifukwa chake.

Injini ikalira, tiyang'ane utsi. Utsi wabuluu ukutanthauza kuti injini ikuotcha oyilo, ndiye kuti yatha m'kati. Utsi woyera wochuluka umene sukutha ngakhale injini yatentha ukutanthauza kuti madzi akulowa m'injini. Utsi wakuda ukutanthauza kuti mafuta sakupsa bwino.

Titsegule chivundikiro cha pothirira oyilo. Tikaona zoyera ngati mkaka wosasa, tichenjere, mwina madzi asakanikirana ndi oyilo.

Tigone pansi, tione chasisi, chimene ndi msana wa galimoto. Tigogode ndi chitsulo. Ngati dzimbiri likuyoyoka, kapena pali malo ootcherera, galimotoyo siidzapirira katundu. Land Rover zakale zimanyenga anthu pamenepa. Thupi lake ndi la aluminiyamu ndipo silichita dzimbiri, koma chasisi ndi chachitsulo ndipo chimadyeka.

Tiwerengenso matayala. M'mbali mwa tayala mumalembedwa manambala anayi osonyeza pamene linapangidwa. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Mwachitsanzo, 2318 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Tayala lokalamba limang'ambika ngakhale mizere yake ikuoneka bwino.

Nambala ya makilomita imene ili kutsogolo kwa chiwongolero tisaikhulupirire yokha, chifukwa anthu ena amaibweza m'mbuyo. Tione zopondera ndi mpando wa dalaivala. Ngati zatha kwambiri, galimotoyo yayenda kwambiri. Pomaliza tiiyendetse pa mseu wadothi, tikwere chitunda, tiyese magiya onse ndi mabuleki.

4. Kodi mapepala ake ndi oona?

Apa ndi pamene kudziwa kuwerenga kumatipulumutsa. Galimoto iyenera kukhala ndi livrete, chikalata chofotokoza galimotoyo, ndiponso chikalata chosonyeza mwini wake. Tiwerenge dzina la mwini, tiliyerekeze ndi dzina la pa chiphaso cha amene akugulitsa. Ngati maina asiyana, wogulitsa atisonyeze kalata yomulola kugulitsa, kapena atitengere kwa mwiniyo.

Kenaka tifune nambala yodindidwa pa chasisi ndi ya pa injini. Mmodzi aziwerenga pa chitsulo, wina aziona pa pepala, chilembo ndi chilembo. Tili pafupi ndi malire. Kuchokera ku Mandimba kupita ku Chiponde, m'dziko la Malawi, ndi pafupi, ndipo galimoto zina zimalowa mozemba msonkho, zina n'zakuba. Galimoto yotere apolisi akaigwira amailanda. Wogulitsa amakhala atapita, ndalama zapita, ndipo mlandu umatsala ndi ife.

Tikumbukirenso kuti lamulo limafuna seguro, pepala losonyeza kuti galimoto inayesedwa, ndi dalaivala wokhala ndi chiphaso choyendetsera. Tikakayika, tikafunse ku ofesi ya INATRO, imene imayang'anira za magalimoto. Safunsa anadya phula. Ndipo tisapereke ndalama popanda kulemberana, pamaso pa mboni.

5. Kodi idzabweza liti ndalama zathu?

Mtengo umene wogulitsa akutchula ndi chiyambi chabe. Tiyeni titenge pensulo. Manambala awa ndi ongoyerekeza, aliyense adzaikepo mitengo ya kwao.

Kugula galimoto: 250,000 MT
Matayala anayi: 24,000 MT
Batire: 6,000 MT
Makaniko ndi zitsulo: 30,000 MT
Mapepala ndi seguro: 15,000 MT
Zonse pamodzi: 325,000 MT

Tsopano tiyerekeze kuti ulendo umodzi wopita kumsika ukubweretsa 5,000 MT. Tichotsepo 2,200 MT ya mafuta, 800 MT ya dalaivala ndi womuthandiza, ndi 1,000 MT yosungira kukonzetsa. Yotsala ndi 1,000 MT. Ngati pa chaka tiyenda maulendo 70, chifukwa m'dzinja mseu umatseka, tidzapeza 70,000 MT. Ndiye kuti ndalama zathu zidzabwerera patatha zaka zinayi ndi theka ndi kupitirira. Tidzifunse: kodi galimoto yakaleyo idzakhala ikuyendabe nthawi imeneyo? Kodi sikungakhale kwabwino kulipira galimoto ya wina, kapena kugula njinga yamoto imene imadutsa m'tinjira ta kunyanja?

Zimene anzathu anachita

Kagalimoto kofiira kanalephera pa funso loyamba lomwe. Sikakanafika kudooko, ndipo dengu la nsomba linalibe pokhala. Patapita milungu iwiri gululo linapeza galimoto ina yonyamula katundu. Injini inali bwino, utsi unalibe vuto. Onse anakondwa, ndipo msungichuma anayamba kumasula mpango wa ndalama. Koma mayi wina wachikulire, amene anaphunzira kuwerenga m'kalasi mwathu momwemu, anati, "Taimani abale, tiwerenge kaye." Anatenga livrete, mnyamata wina n'kugwada pa chasisi. Manambala awiri otsiriza anasiyana. Wogulitsa anati ndi kulakwitsa kwa ku ofesi. Mayiwo anati, "Chabwino bambo, tiyeni ku ofesiko akakonze." Wogulitsayo sanabwerenso.

Gululo likadali ndi ndalama zake zonse, ndipo likufunabe galimoto. Galimoto yakale si yoipa chifukwa chakuti ndi yakale. Ngati ikuyenera mseu wathu, zitsulo zake zilipo, thupi lake n'lolimba, mapepala ndi oona, ndipo masamu akuvomera, tigule. Ngati funso limodzi lokha lakana, tibwerere kunyumba ndi ndalama zathu.

Tiyeni tikambirane

1. N'chifukwa chiyani tiyenera kukaona galimoto m'mawa?
2. Utsi wabuluu ukutiuza chiyani?
3. Pa tayala palembedwa 4021. Linapangidwa sabata iti, chaka chiti?
4. Ndi manambala ati amene mayi aja anayerekeza?

Ntchito ya kunyumba

Funsani mtengo wonyamulira thumba limodzi la chimanga kuchokera m'mudzi mwanu kufika kumsika wa pafupi. Lembani mtengowo m'kope, muuchulukitse ndi matumba amene munagulitsa chaka chatha. Mubwere ndi yankho lanu ku phunziro lotsatira.