Tiana ta nkhumba totchipa nthawi ya chigodola: yezani musanagule

Mphekesera ya chigodola ikangomveka, mitengo ya nkhumba imagwa. Alimi amathamangira kugulitsa ziweto zisanafe, ndipo tiana timene dzulo timadula lero timapita pa mtengo wongotaya. Kwa wamalonda wa pa Dwangwa, pomwe nyama imayenda malonda antchito a kumunda wa nzimbe wa Illovo akalandira, mtengo wotere umakopa. Koma mpamba wambiri umathera pomwepa.

Kamwana ka nkhumba kamabadwa kopanda chitetezo chokwanira m'thupi, chifukwa asilikali olimbana ndi matenda sadutsa kuchoka kwa make kakadali m'mimba. Kamawapeza mu mkaka woyamba wachikasu uja. Matumbo ake amalandira bwino asilikaliwa m'maola 6 oyambirira, ndipo pakatha maola 24 mpaka 36 njirayo imatsekeka. Kamene kanachedwa kuyamwa kamavutika ndi kutsegula m'mimba, kamapinimbira, ndipo kamadya gaga wambiri osanenepa.

M'mafamu akuluakulu a kunja amatenga magazi a kamwana ka tsiku limodzi n'kuyeza kuchuluka kwa asilikaliwa. Mlimi wa kuno ali ndi njira yotsika mtengo: sikelo. Ayeze kamwana kakangobadwa, ayezenso pakatha maola 24. Ngati kulemera sikunakwere kapena kwatsika, mkaka woyamba sunakwane. Kamwana kamodzi kamafunika magalamu pafupifupi 250. Pa mitundu monga Large White ndi Landrace, kobadwa kosakwana kilogalamu imodzi ndiko kamafuna diso. Tiana tikachuluka, titakhuta tikuluikulu tiikidwe padera m'dengu kwa ola limodzi kuti tofooka tiyamwe. Bere la nkhumba limatenga miyezi itatu, masabata atatu ndi masiku atatu, choncho mlimi wolemba tsiku lokweretsa amadziwa tsiku loti asachoke pakhomo.

Wogula kamwana kosiya kuyamwa afunse zolemba zimenezi, afunsenso kuti tinabadwa tingati ndipo tatsala tingati. Aone ubweya wosalala, kumbuyo kouma ndiponso kuthamangira chakudya. Kutentha kwa thupi kukhale pafupi ndi madigiri 39. Kukapitirira 40.5, makutu ndi mimba zitafiira, ndalama ibwerere m'thumba.

Komabe mkaka woyamba si mankhwala a chigodola. Matendawa, omwe anafotokozedwa koyamba ku Kenya mu 1921, alibe mankhwala, ndipo mtundu wake woopsa umatha kupululutsa khola lonse. Atalowa ku China mu 2018 anapha nkhumba mamiliyoni ndipo nyama inakwera mtengo kwambiri. Kuno kwathu anakhazikika m'chigawo chapakati, makamaka ku Mchinji, komwe ofufuza anapeza kachilombo kake mu nkhufi za m'makola m'zaka za m'ma 1980. Njiri ndi nguluwe, zomwe zimapezeka m'nkhalango ya Nkhotakota, zimatha kusunga kachilomboka osadwala.

Chovuta kwa wamalonda n'chakuti nkhumba imatha kukhala ndi kachilombo masiku 4 mpaka 19 isanaonetse zizindikiro. Kamwana kooneka bwino pa msika kangathe kupha nkhumba zonse za kunyumba. N'chifukwa chake chiweto chatsopano chiyenera kukhala m'khola lakelake kwa masiku 30, chodyera chakenso padera.

Kachilomboka kamayendanso pa nsapato, zingwe, njinga ndi mipeni, ndipo mu nyama kamakhala miyezi. Munthu sadwala nako, koma wa pachiwaya amene amatengera nkhumba zake zotsala ndi madzi otsukira nyama amalowetsa yekha matenda m'khola. Wogula asalowe m'khola la mwini. Nkhumba azionera kunja.

Boma likaletsa kuyendetsa ndi kupha nkhumba, wozemba ndi katundu pa msewu wa M5 akhoza kulandidwa, mpamba n'kulowa m'madzi. Asanagule, wamalonda afunse mlangizi wa ziweto wa m'dera lake ngati kuli chiletso, ndipo atenge chikalata chololeza kuyendetsa ziweto. Nkhumba zikayamba kufa motsatizana, mlangiziyo adziwitsidwe tsiku lomwelo, ndipo zakufazo zikwiriridwe m'dzenje lakuya, osati kugulitsidwa.

Chigodola chikadutsa, tiana timasowa ndipo mtengo umakwera. Amene amapindula nthawi imeneyo ndi mlimi amene anatseka khola lake n'kuonetsetsa kuti kamwana kalikonse kayamwa tsiku loyamba.