Kasitima Koyenda pa Njanji ya Mamilimita Atatu

M'maiko monga Germany, Britain ndi Japan muli anthu akuluakulu, ena a imvi kumutu, amene nthawi yawo yopuma amaithera pa ntchito yokonza ndi kuyendetsa tisitima ting'onoting'ono pathebulo. Amayala njanji, amamanga masiteshoni, milatho ndi mapiri, kenaka n'kuyatsa magetsi kuti ulendo uyambike. Wofuna kufotokoza zimenezi m'Chichewa amayamba bwino ndithu, pakuti aphatikiram'mbuyo a gulu la Ka-Ti- amamupatsa mayina mosavuta: kasitima, tisitima, kanjanji, tinjanji, kabogi, timabogi. Vuto limadza pamene wafunsidwa kuti kasitimako n'kakang'ono motani. Mphatikiram'mbuyo ka- amangotiuza kuti chinthu n'chochepa, koma satiuza kuti chachepa kangati.

Poyamba tichotse mawu akuti chidole. Mwana wopanga galimoto ya mawaya sayeza kanthu ayi. Chiwongolero chimatalika kuposa galimoto yake yomwe, ndipo palibe womudzudzula, chifukwa chimene akufuna n'chakuti galimotoyo iyende. Tisitima tikunena panoti n'tosiyana. Chitseko, zenera, denga ndi utali wa bogi, zonse zimachepetsedwa mofanana kuchokera pa sitima yeniyeni imene ilipo kapena imene inalipo kale. Choncho dzina lokayenera ndi chifanizo cha sitima.

Eni ntchitoyi ali ndi mawu awiri a Chingerezi amene amawatchula kawirikawiri, scale ndi gauge. Loyambalo linalowa kale m'chinenero chathu ngati sikelo, koma linafikira pena. Sikelo kwathu kuno ndi yoyezera nyama, chimanga kapena fodya, ndipo mayi akanena kuti akupita kusikelo tonse timadziwa kuti wabereka mwana kumsana. Kulipatsanso mawuwa katundu wachitatu n'kusokoneza mwana wa sukulu, amene adzakumana ndi ganizo lomweli pophunzira mapu. Ife tikuona kuti mawu akuti mlingo akukwanira. Mlingo wa 1:87 ukutanthauza kuti sentimita imodzi pa chifanizo ikuimira masentimita 87 pa sitima yeniyeni, ndipo powerenga tinene kuti "imodzi pa 87". Tisaiwale kuti nambala yakumanja ikamakula, chifanizo chimanka chichepa.

Mawu achiwiriwo amanena za danga la pakati pa zitsulo ziwiri za njanji, kuyeza kuchokera m'kati mwa chitsulo china kufika m'kati mwa chinzake. Ili tingalitche mpata wa njanji. Njanji zambiri za ku Ulaya ndi ku America zili ndi mpata wa mamilimita 1,435. Zathu za m'Malawi muno n'zopapatizako, mpata wake ndi mamilimita 1,067, ndipo umenewu ndiwonso mpata wa njanji zambiri za ku Japan.

Milingo ya zifanizo imadziwika ndi malembo. Wofala kwambiri ndi wa HO, wa 1:87, umene njanji yake ili ndi mpata wa mamilimita 16.5. Wa N unafala m'zaka za m'ma 1960, ndipo mpata wake ndi mamilimita 9. M'chaka cha 1972 kampani ya Märklin ya ku Göppingen, m'dziko la Germany, inatulutsa mlingo wa 1:220 pa mpata wa mamilimita 6.5, n'kuutcha Z, lembo lomaliza la alifabeti, ngati kunena kuti kuchepa kwathera pomwepo. Sikunathere pomwepo. M'chaka cha 2006, pa chionetsero cha zoseweretsa mumzinda wa Tokyo, kampani ya Eishindo inaonetsa tisitima ta mlingo wa 1:450 toyenda pa mpata wa mamilimita atatu okha. Mlingo umenewu ndiwo umatchedwa T.

Wina angafunse kuti mawu awiri n'ngachiyani, popeza mlingo ukadziwika mpata uyenera kudziwika wokha. Nthawi zina zimaterodi: mamilimita 1,435 tikawagawa ndi 220 timapeza 6.5, monga zilili pa Z. Koma taonani N. M'maiko ambiri mlingo wake ndi 1:160, ku Japan ndi 1:150, ku Britain ndi 1:148, pamene mpata ndi umodzi womwewo wa mamilimita 9. Pa T ndiye pali kusiyana koonekeratu. Tisitima toyamba ta mlingowu tinali zifanizo za sitima zamagetsi zonyamula anthu m'mizinda ya ku Japan, zimene zimayenda pa mpata wa mamilimita 1,067. Tikagawa ndi 450 tipeza pafupifupi mamilimita 2.4, koma kanjanji kake n'ka mamilimita atatu. Thupi la sitima latsata mlingo, mawilo atsata mpata wotambalalako. Munthu wokhala ndi mawu amodzi okha pa zinthu ziwirizi sangathe kufotokoza chimene chachitika apa.

Tsono tione kuchepa kwake kwa T. Bogi la mamita 20 limasanduka kabogi ka mamilimita 44, kosafika utali wa chala cham'kombaphala. Munthu wa msinkhu wa mamita 1.7 amakhala kamunthu kosakwana mamilimita anayi, kochepa kuposa njere ya mpunga. Kilomita yathunthu ya njanji imakwana pa mamita awiri ndi masentimita 22. Apa ndi pamene pagona chikoka cha mlingowu. Pa HO munthu amadzaza chipinda ndi siteshoni imodzi, koma pa T amatha kuika chigwa chonse, mtsinje ndi mlatho wake pabolodi lofanana ndi chitseko, sitima n'kumaoneka ngati mmene imaonekera kwa munthu woima pamwamba pa phiri.

Komabe kuchepa kuli ndi msonkho wake, ndipo msonkhowo ndi kulemera. Chinthu chikachepetsedwa ka 450 m'litali, chachepetsedwanso ka 450 m'lifupi ndi ka 450 mumsinkhu. Tikachulukitsa nambala zitatuzi tipeza 91,125,000. Pongowerengera, mutu wa sitima wolemera matani 90 ungatsale ndi kulemera kwa galamu imodzi. Sitima yeniyeni imagwira njanji chifukwa cha kulemera kwake. Mawilo achitsulo amakanikiza chitsulo chinzake mwamphamvu, ndipo fumbi limangophwanyika pansi pake. Kasitima ka T kalibe mphamvu yotere. N'zoona kuti timabogi tokokedwa nato timapepuka, koma fumbi la m'nyumba silichepa nawo, ngakhalenso mafuta otsala pomwe chala chakhudza. Kamchenga ka theka la milimita, kwa kasitima kotere, kali ngati mwala wa masentimita oposa 22 utagona panjanji.

Vutoli limakula chifukwa njanji yomweyo ndiyo njira ya magetsi. Mphamvu imalowa kudzera m'chitsulo chimodzi, kukwera m'mawilo, kuzungulitsa kainjini kamagetsi kamene kali m'kati mwa bogi, n'kubwerera kudzera m'chitsulo chinacho. Woyendetsa akatembenuza mbali yolowera magetsi, kasitima kamabwerera chafutambuyo. Mphamvu yake n'njochepa, pafupifupi mavolti 4.5, ofanana ndi mabatire atatu a tochi yaing'ono. Choncho wilo likangonyamuka pang'ono pokha, kapena likaponda litsiro losaoneka ndi maso, magetsi amaduka ndipo kasitima kamaima chiriri pakati pa ulendo.

Opanga T anathetsa mbali ina ya vutoli mwanzeru. Njanji anaipanga ndi chitsulo chokokedwa ndi maginito, ndipo m'mawilo a bogi lokhala ndi injini anaikamo mphamvu ya maginito. Motero chimene kulemera kukanachita, maginito ndiwo akuchita: amamatiza mawilo kunjanji, magetsi amadutsa bwino, ndipo kasitima kamakwera zitunda zimene sitima yeniyeni singayerekeze n'komwe. Koma maginito sasankha. Tizidutswa tachitsulo totsala pathebulo timakakamira kumawilo komweko, ndipo mwini wake amakhalira kupukuta. Kunena zoona, gawo lalikulu la ntchitoyi si kuyendetsa ayi, koma kuyeretsa: kansalu kopanda ubweya konyowetsedwa ndi sipiriti, kuyenda nako m'njanji monse kasitima kasanayambe ulendo.

Zala za munthu nazo zimasanduka zazikulu mopitirira. Kuika timawilo pakanjanji ndi manja okha n'kovuta, kotero pamakhala kachipangizo kotsetsereka kolowetsera timabogi m'njanji. Tianthu ndi timitengo timagwiridwa ndi kopanira kosongoka, pansi pa galasi lokuza zinthu, ndipo guluu amamudontheza ndi nsonga ya singano, pakuti dontho wamba lingamize kamunthu konse. Odziwa ntchitoyi salimbana ndi kujambula njerwa iliyonse pakhoma. Pa mlingo wotere diso limaona maonekedwe a dera lonse, osati zokongoletsa za nyumba imodzi.

Liwiro nalo liyenera kutsata mlingo, ndipo apa ndi pamene oyamba kumene amalakwa. Sitima yothamanga makilomita 100 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Pa mlingo wa 1:450 amenewo ndi masentimita asanu ndi limodzi okha. Kasitima kodutsa theka la mita pa sekondi kangaoneke kokoma kwa ana, koma pa mlingo wake kakuthamanga makilomita oposa 800 pa ola, ngati ndege. Kuthamangitsa n'kosavuta, chovuta ndi kuyendetsa pang'onopang'ono popanda kudukiza. N'chifukwa chake zowongolera zina zimatumiza magetsi modukizadukiza mofulumira kwambiri, m'malo mongochepetsa mphamvu yake, kuti kainjini kazilandira kankho lokwanira ngakhale poyenda mwakachetechete polowa m'siteshoni.

Pa kalembedwe, malembo HO, N, Z ndi T ndi mayina, motero akhale aakulu monga alili, ndipo tilembe "mlingo wa T", osati "mlingo wa ti", kuopa kuwasokoneza ndi mphatikiram'mbuyo uja tinayamba naye.