Malonda akula kwa Mwadzama, nanga wogula watetezeka?

Dera la Mfumu Yaikulu Mwadzama lili kummwera kwa boma la Nkhotakota, m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ndipo msewu wa M5 wochokera ku Salima umadutsa momwemo. Msewuwu ndiwo wakulitsa misika ya Benga ndi Mkaika, ndipo ndiwo umafikitsa ogula nsomba ku nyanja ya Chia. Kale munthu wofuna malata, foni kapena batire ya sola ankayenera kukwera galimoto mpaka pa boma kapena ku Salima. Lero zambiri mwa izi zikupezeka m'maokala ndi m'magolosale apafupi, ndipo tsiku la msika kaunjika amayalidwa mpaka m'mphepete mwa phula. Chitukukochi n'chenicheni, koma katundu wafika msanga kuposa chitetezo cha amene akumugula.

Ufulu wa ogula si nkhani ya m'tauni mokha. Dziko la Malawi lili ndi lamulo loteteza ogula la mu 2003, lomwe limati wogula ayenera kulandira katundu wosaika moyo wake pachiswe, kuuzidwa zoona za katunduyo, komanso kulipiridwa ngati wapweteka naye. Lamulo loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la mu 1998 linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2024, ndipo latsopanoli linapatsa bungwe la Competition and Fair Trading Commission mphamvu zolipitsa chindapusa ochita malonda mwachinyengo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, ndilo limayeza ubwino wa katundu ndi kutsimikiza masikelo. Palinso Consumers Association of Malawi, bungwe lomwe si laboma lolankhulira ogula. Pa 15 Malichi chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira ufuluwu.

Pamsika wakumudzi, nkhani imayambira pa muyezo. Sikelo yovomerezeka imakhala ndi chizindikiro chosonyeza kuti akatswiri aboma anaiyeza, koma masikelo ambiri olendewera pamtengo alibe chizindikirocho. Wogula nyama kapena feteleza woduladula amalipira kilogalamu yathunthu n'kunyamula yoperewera. Nyengo yokolola sikelo yomweyo imatembenuka: mlimi wa mpunga akaika thumba lake, singano imaonetsa zochepa. Mavenda ena amagula ndi ndowa yomwe anaitenthetsa pamoto n'kuikulitsa mimba, kenaka amadzazitsa mpaka mpunga uunjikane pamwamba. Unduna wa zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka ndi chaka, koma mtengo wabwino suthandiza kanthu ngati muyezo uli wokhota. Choncho munthu mmodzi amaberedwa kawiri, pogulitsa ndi pogula.

Chachiwiri ndi katundu wachinyengo kapena wotha mphamvu. Pa paketi ya mkaka, zakumwa, mankhwala ndi mbewu pamayenera kulembedwa tsiku limene katunduyo asiye kugwiritsidwa ntchito. Tsikulo likafufutidwa kapena kumatidwa ndi kapepala ka mtengo, wogula ali ndi chifukwa chokanira. Mbewu yachimanga yabodza ndiyo imapweteka kwambiri, chifukwa chimanga wamba chopakidwa utoto sichidziwika mpaka chitamera mwa apo ndi apo, mvula yobzalira itadutsa kale. Wogula foni yakufa amataya ndalama za mwezi umodzi, pomwe wogula mbewu yabodza amataya chakudya cha chaka chonse. Mankhwala a mapiritsi oyalidwa padzuwa pamsika nawo ndi oopsa, pakuti kutentha kwa kunyanja kumawasukulutsa.

Chachitatu ndi chikwangwani chomwe chimapezeka m'masitolo ambiri chonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission lakhala likuchenjeza kuti mawu oterewa ndi osemphana ndi lamulo, chifukwa wogulitsa sangadzichotse pamlandu wa katundu wowonongeka. Wailesi ikakana kuyaka pofika kunyumba, mwini sitolo ayenera kuikonza, kuisintha kapena kubweza ndalama. Apa ndi pamene lisiti limagwira ntchito. Kapepala kolembedwa pamanja, kokhala ndi tsiku, dzina la katundu ndi mtengo, ndi umboni wokwanira kuyambira madandaulo. Kubisa katundu kuti mtengo ukwere, kapena kukakamiza wofuna shuga kuti agule kaye china chomwe sakuchifuna, nakonso n'koletsedwa.

Kukwera mitengo kwafooketsa wogula. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama ikachepa, munthu amathamangira chotchipa, ndipo chotchipacho n'chimene achinyengo amagulitsa. Mafuta ophikira amagulidwa oyeza m'timapepala tapulasitiki topanda dzina, ndipo palibe angadziwe komwe achokera.

Kukula kwa malonda kwasiyanso zipsera pa chilengedwe. Ogula nsomba ochokera ku Lilongwe akachuluka, mtengo wa chambo umakwera mpaka banja la m'mbali mwa nyanja limalephera kugula ndiwo yomwe yavuulidwa pakhomo pake. Pofuna kukwaniritsa msika, asodzi ena amakokera ndi masikito ndipo amakolola ndi tiana ta nsomba tomwe, ena amaphwanya lamulo loletsa makoka m'miyezi ya Novembala ndi Disembala pomwe chambo chimaswana. Kuwamba nsomba ndi kuwotcha njerwa za masitolo atsopano kumadya mitengo, ndipo nthaka yokokoloka imathera m'mitsinje yothira ku Chia. Majumbo opyapyala, omwe boma linaletsa mu 2015 ndipo khothi lalikulu la apilo linagwirizana nalo mu 2019, amaonekabe m'ngalande za misika ndi pagombe.

Maofesi a mabungwe oteteza ogula ali m'mizinda, kutali ndi Benga, ndipo munthu sangalipire ulendo wa ku Lilongwe chifukwa cha tochi yakufa. N'chifukwa chake chitetezo chiyenera kuyambira pafupi. Komiti ya msika ingathe kusunga sikelo yotsimikizidwa yomwe aliyense angayezerepo. Khonsolo ya Nkhotakota, yomwe imatolera ndalama za ziphaso m'misika, ili ndi udindo woyendera masitolo kudzera mwa alangizi azaumoyo ndi ofesi yoona zamalonda. Alimi akagulitsira pamodzi m'makopaletivi, venda sangawaikire muyezo wake. Makomiti a m'madoko, mothandizidwa ndi mafumu, ndiwo angaletse maukonde oononga. Wogula naye ali ndi mbali yake: kufunsa mtengo asanalipire, kuwerenga tsiku pa paketi, kuyesa katundu asanachoke m'sitolo, kutenga lisiti ndi kukadandaula kwa akomiti, apolisi kapena akhonsolo akaona kuti waberedwa.