KUCOTSA MPHUKIRA M'PULOGALAMU YA MAKALATA

Ambiri a ife ogonera pa sukulu timawerenga makalata a kwathu pa kompyuta, m'pulogalamu ya Outlook kapena ya Thunderbird. Nthawi imene tipatsidwa m'cipinda ca makompyuta njocepa, ndipo nkowawa kumva belu lirikulira kalata ya makolo usanaione, cifukwa pulogalamu yacedwa kutseguka. Kawirikawiri mlandu suli wa kompyuta ai, koma wa tinthu toonjezera timene pa Cingerezi amati add-ins kapena add-ons.

Tinthuti ndi timapulogalamu tating'ono tomamatira pa pulogalamu yaikulu. Tina munthu amatiika yekha, tina timalowa mwakacetecete pamene alikuika pulogalamu ina. Timadzuka pamodzi ndi pulogalamu ya makalata, ndipo tambiri tiri ndi mphamvu yakuwerenga zimene talemberana. Ife a kuno ku Mtunthama tidziwa bwino nchito ya mphukira pa fodya: zimalanda cakudya ca masamba, ndipo wozilekerera amakolola fodya wopepuka. Koma mlimi wanzeru sathyolera kumodzi mphukira ndi tsamba labwino. Comweco langizo langa ndi ili: yambani mwazimitsa, kucotsa kudze pambuyo.

Poyamba tsimikizani kuti bvuto liri pamenepo. Potsegula Outlook yakale ija amaicha classic, gwirani batani la Ctrl osacotsapo cala, ndipo ikakufunsani bvomerani. Idzatseguka yopanda toonjezera tonse. Ikathamanga bwino, mwadziwa kuti wopalamula ali pakati pa timeneti.

Tsono itsekeni ndi kuitsegulanso monga mwa masiku onse. Pitani pa File, pa Options, ndi pa Add-ins. Pansi, pamene palembedwa Manage, sankhani COM Add-ins ndi kudina Go. Mudzaona mndandanda wa maina ndi timabokosi tocongedwa. Zimitsani kamodzi kokha, tsekani Outlook, itseguleninso, muone ngati yasintha. Citani cotero kufikira mutakapeza kobvutako, ndipo pamenepo dinani Remove. Kukabwereranso, ndiye kuti pulogalamu imene inadza nako ikalipo, ndipo iyenera kucotsedwa mu Settings ya Windows. Kuyambira pa Outlook ya 2013, pulogalamuyi imazimitsa yokha toonjezera toicedwetsa, koma siticotsa.

Mu Thunderbird njira njapafupi. Kuyesa kuja kumacitika pa Help, posankha Troubleshoot Mode. Kenaka pitani pa Add-ons and Themes ndi pa Extensions. Dzina liri lonse liri ndi kozimitsira kace, ndipo pambali pali timadontho titatu tobisa mau akuti Remove. M'caka ca 2020, Thunderbird 78 inaleka kulandira toonjezera ta mtundu wakale. Mukapeza totere tiri cigonere, ticotseni.

Cenjezo langa lotsiriza nali. Toonjezera tina ndi alonda, monga kaja kofufuza mavairasi m'makalata. Makompyuta a sukulu sali athu tokha, ndipo pa ambiri a iwo Remove sagwira nchito popanda cilolezo ca mphunzitsi woyang'anira. Mukaona dzina lacilendo, lilembeni pa pepala mukawasonyeze aphunzitsi musanakhudze kanthu, pakuti akulu anati safunsa anadya phula.

Wa mu Fomu 4