Yezani malo musanagule wailesi yakanema yaing'ono

Wailesi zakanema zing'onozing'ono zopyapyala, zomwe anthu ambiri amangozitchula kuti pulazima, zachuluka m'masitolo a m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, ndipo mabanja ena amene ali kale ndi TV pabalaza amalingalira zogula yachiwiri yoti aike kuchipinda chogona, kukhitchini kapena patebulo logwirirapo ntchito.

Malo atatuwa ndi osiyana kwambiri, mwakuti TV yomwe ingachite bwino pamalo amodzi itha kutopetsa maso kapena kuonongeka msanga ikaikidwa pena. Kwa munthu wodalira malipiro a pamwezi, kulakwitsa pogula ndiye kutaya ndalama zomwe zikadathandiza pa fizi ya ana kapena lendi.

Zinthu zofunika kuziganizira ndi zitatu: mtunda womwe woonera azikhala, mpweya wa pamalopo ndi komwe zithunzi zizichokera.

Pomwe Television Malawi idayamba kuulutsa mapulogalamu ake m'chaka cha 1999, ma TV omwe adali m'nyumba za anthu adali a chibokosi, olemera komanso ofuna tebulo lawolawo. Ma TV ang'onoang'ono a masiku ano ndi a mtundu wa LCD, omwe amawalitsidwa ndi timababu ta LED kuseri kwa galasi. Pulazima weniweni makampani akuluakulu monga Panasonic, Samsung ndi LG adasiya kupanga m'chaka cha 2014, kotero dzinali langotsala pakamwa pa anthu.

Kukula kwa TV amakuyeza mopingasa, kuchokera pangodya ina ya m'munsi kufika pangodya ya m'mwamba ya mbali inayo, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Izi zikutanthauza kuti galasi la TV ya mainchesi 24 limakhala pafupifupi masentimita 53 m'litali ndi 30 kuchoka pansi kufika pamwamba, pomwe la mainchesi 32 limakhala masentimita 71 ndi 40. Anthu ambiri amadabwa akafika nayo kunyumba kuti TV yomwe imaoneka yokwanira m'sitolo yachepa pakhoma.

Njira yachidule yomwe imagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi yakuti woonera akhale pamtunda woposa muyeso wopingasawo ndi theka, koma osapitirira kawiri ndi theka. Pa TV ya mainchesi 24, mtundawu ndi kuyambira masentimita 90 mpaka mita imodzi ndi theka, pomwe pa ya mainchesi 32 ndi kuyambira mamita 1.2 mpaka 2.

Mwa malo atatu aja, kuchipinda chogona ndiko TV yaing'ono imayenera kwambiri, koma pokhapokha chipindacho chikhale chaching'ono. Bedi lokha limatalika pafupifupi mamita 2, choncho munthu wotsamira kumitu amene waika TV kukhoma la kumiyendo amakhala kale patali kuposa momwe ya mainchesi 19 kapena 24 imafunira. Nkhope za anthu adzaziona, koma malembo oyenda m'munsi panthawi ya nkhani ndi zigoli za mpira adzavutika kuwerenga. Pamtunda wotere, ya mainchesi 32 ndiyo yothandiza.

Chinanso ndi msinkhu womwe TV yapachikidwa. Magalasi ena otsika mtengo amada kapena kusintha mitundu munthu akamayang'ana kuchokera m'munsi, ndipo umu ndi momwe wogona pabedi amaonera. Wogula angadziyesere yekha m'sitolo pongowerama pang'ono n'kuyang'ana galasilo chokweza maso. Ngati chithunzi chada, afunika chitsulo chopachikira chomwe chimalola kupendeketsa TV kuti iyang'ane pansi.

Amene akukhala m'nyumba ya lendi kapena ya boma ayenera kupempha chilolezo asanaboole khoma. Kwa ogwira ntchito m'boma amene amasamutsidwa pafupipafupi, TV yaing'ono yoima pamiyendo yake ili ndi ubwino wakuti munthu mmodzi atha kuinyamula, makamaka ngati katoni yake idasungidwa. Komabe iyenera kukhala pomwe mwana sangaikoke n'kumugwera.

Pa nkhani ya ana, bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization lidatulutsa malangizo m'chaka cha 2019 akuti ana osakwana zaka 2 asamakhazikidwe kuti azionera kanema, ndipo a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Malangizowa ndi ovuta kutsata TV ikakhala kuchipinda cha ana komwe makolo saona. Kwa akuluakulu, ma TV ambiri ali ndi njira yoitchera kuti izime yokha pakapita mphindi zomwe munthu wasankha, ndipo izi zimateteza tulo ndi magetsi omwe.

Kukhitchini nkhani ndi ina. TV imatulutsa kutentha kudzera m'timabowo ta kumbuyo kwake, ndipo m'timabowo momwemo ndi momwe mumalowa nthunzi, mafuta ouluka pokazinga ndi utsi. Mafuta akasakanikirana ndi fumbi amamata pa zipangizo za mkati, pomwe chinyontho chimayambitsa dzimbiri.

Popeza mabanja ambiri m'dziko muno, ngakhale a m'tauni, amaphikira makala kapena nkhuni makamaka magetsi akazima, khitchini yomwe mumalowa mbaula si malo a TV. Mwaye womwe umadetsa khoma ndi denga ndi womwewo umakakhala mkati mwake.

M'khitchini yaikulu yophikira magetsi kapena gasi, yokhala ndi mawindo okwanira, TV ya mainchesi 19 mpaka 24 itha kukhala, bola italikirane ndi chitofu, ketulo ndi sinki, ndipo nthambo zake zisadutse pomwe pamagwa madzi. Wophika amamvetsera kwambiri kusiyana ndi kuonera, choncho wailesi wamba imagwira ntchito yomweyo pamtengo wochepa, komanso simuchotsa maso pa mpeni ndi pamoto.

Patebulo logwirirapo ntchito, chofunika kwambiri ndi kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi. Ma TV ang'onoang'ono ambiri amakhala ndi timadontho 1366 m'litali ndi 768 chotsika, ndipo pakatoni amalemba kuti HD kapena HD Ready. Olembedwa kuti Full HD amakhala ndi 1920 ndi 1080, zomwe ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri timadontho tonse.

Poonera nkhani kapena mpira muli chapatali, kusiyanaku sikuoneka kwenikweni. Koma munthu wokhala patebulo amayandikira galasi pamtunda wa mkono umodzi, ndipo akalumikiza kompyuta ndi nthambo ya HDMI kuti alembe malipoti kapena kuwerengera ndalama, malembo pa TV ya HD wamba amaoneka okhakhala ndipo maso amatopa msanga. Amene ntchito yake yaikulu ndi kulemba ndi kuwerenga achita bwino kugula monita ya kompyuta. Amene akufuna chipangizo chimodzi chogwira ntchito zonse ziwiri asankhe TV ya Full HD ya mainchesi 22 kapena 24, ndipo m'mphepete mwake mwa pamwamba mulingane ndi maso ake akakhala pampando.

Mfundo yomwe ambiri amaiwala ndi yakuti TV yachiwiri imafunanso kochokera zithunzi. Mayiko a mu Africa adagwirizana pansi pa bungwe la International Telecommunication Union kuti pofika pa 17 June 2015 akhale atasamukira ku njira ya digito youlutsira kanema, ndipo lero mabanja ambiri amaonera kudzera m'madikoda monga Kiliye Kiliye, GOtv ndi DStv.

Dikoda wamba imaonetsa tchanelo imodzi panthawi imodzi. Kugawa nthambo kuti ifike kuchipinda kumangochititsa kuti ma TV onse awiri azionetsa chinthu chimodzi, kotero wofuna kuonera zosiyana ndi za pabalaza afunika dikoda ina kapena makonzedwe apadera, omwe nthawi zina amakhala ndi malipiro ake. TV yolumikizika pa intaneti imafuna bandulo, ndipo kanema wooneka bwino atha kudya magigabayiti 1 mpaka 3 pa ola.

Kumbali ya magetsi, TV yaing'ono ya LED ndi yosaboola m'thumba. Ya mainchesi 24 imagwiritsa ntchito mawati apakati pa 20 ndi 40. Ya mawati 30 ikamayaka maola 5 patsiku imatha mayunitsi 4.5 pamwezi, pomwe ya chibokosi ya mawati 80 imatha mayunitsi 12 pa maola omwewo. Ma TV ena ang'onoang'ono amayendera mavoti 12, kutanthauza kuti atha kulumikizidwa ku batire ya sola, zomwe ndi zothandiza kwa aphunzitsi, alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi amene akugwira ntchito m'madera momwe magetsi a ESCOM sadafike.

Magetsi a m'dziko muno ndi a mavoti 230, choncho wogula TV yakale yochokera kunja awerenge kachikwangwani ka kumbuyo kwake, chifukwa zina zopangidwira mayiko monga Japan ndi America zimafuna mavoti 100 mpaka 120 ndipo zitha kupsa zikalumikizidwa mwachindunji. Ndi bwinonso kugula kachipangizo koteteza TV magetsi akabwera mwamphamvu atazima.

Wogula aliyense apemphe kuti TV iyatsidwe m'sitolo momwemo, alandire risiti ndi chikalata cha chitsimikizo, ndipo azisunge bwino. Mapepalawa ndiwo umboni womwe angapite nawo ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe limalandira madandaulo a ogula, ngati wogulitsa akana kukonza kapena kusintha katundu woonongeka.