Tanthauzo la Mawu Akuti "Kwaulere"

Lero tisanthule mawu amene timawatchula kawirikawiri osawalingalira mozama: "kwaulere". Chinthu chaulere ndicho chimene munthu walandira osapereka mtengo wake.

Ku Vingunguti, mumzinda wa Dar es Salaam, kuli msika wa mbuzi ndi malo ophera ziweto. Kumeneko mbuzi iliyonse ili ndi mtengo. Wogula amaiyang'anitsitsa, nanenerera, nalipira. Wina atamupatsa mbuzi yaulere, angakayike kuti ndi yodwala kapena yakuba. M'Chiswahili mawu akuti "bure" amatanthauza "kwaulere" komanso "pachabe", ndipo abale athu a kumeneko amati "bure ghali", ndiko kunena kuti chaulere chimadula.

Chigiriki cha Chipangano Chatsopano chilinso ndi mawu a nkhope ziwiri zomwezi, akuti "dorean". Pa Aroma 3:24 Paulo akuwagwiritsa ntchito pophunzitsa kuti Mulungu amatiyesa olungama ife osalipira kanthu. Koma pa Agalatiya 2:21 mawu omwewo akutanthauza "pachabe": kusunga malamulo kukanakhala kotilungamitsa, imfa ya Khristu ikanakhala yopanda ntchito. Tsono taonani: munthu woyesa kugula chipulumutso ndi chopereka kapena ndi ntchito zake, akusandutsa mtanda wa Ambuye chinthu chachabe.

Komatu ulere sutanthauza kuti palibe wolipira. M'chaka cha 1994 boma la Malawi linathetsa fizi m'masukulu a pulayimale. Ana analowa kwaulere, koma malipiro a aphunzitsi anayenera kupezekabe kwina. Chomwechonso chipulumutso: kwa ife n'chaulere, koma 1 Petro 1:18-19 akutikumbutsa kuti dipo lake silinali siliva kapena golide, koma mwazi wa Khristu, Mwanawankhosa wopanda chilema. N'chopanda mtengo chifukwa palibe chuma chokwanira kuchigula.

Mawuwa akutichenjezanso ife atumiki. Pa Mateyu 10:8 Yesu analamula ophunzira ake kupereka osalipiritsa, monga iwonso analandira osalipira. Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mzimu ndi ndalama, Petro anamudzudzula kolimba (Machitidwe 8:18-20). Choncho amene akukugulitsani pemphero kapena madzi odalitsidwa, akugulitsa katundu amene si wake.

M'bale wanga, mlongo wanga, kodi mukuchedwa kubwera kwa Yesu chifukwa m'manja mwanu mulibe kanthu? Bwerani momwemo lero lino, pakuti mtengo wonse unalipidwa kale pa Gologota. Ambuye akudalitseni. Amen.